Mbiri, Jogalafe ndi Anzake m'Kalasi: Mafunso ndi Mayankho pa Maphunziro a za Anthu ku Mitundu ndi Nathenje

Kodi maphunziro a za anthu ndi ati m'sukulu za sekondale za m'Malawi?

Sukulu ya sekondale m'Malawi imagawa aphunzitsi ake m'zigawo zitatu: cha zilankhulo, cha sayansi, ndi cha maphunziro a za anthu, chimene aphunzitsi ndi ophunzira amangochitcha humanities. M'chigawo chachitatuchi muli Mbiri, Jogalafe, phunziro la Baibulo (BK), phunziro la zipembedzo ndi makhalidwe, Social Studies ndi Life Skills. Nthano, ndakatulo ndi zisudzo za m'Chichewa ndi m'Chingerezi zimawerengedwa ku chigawo cha zilankhulo, koma ku koleji zimakhala mbumba imodzi ndi Mbiri, filosofi, nyimbo ndi zaumulungu.

Chimene chimalumikiza maphunziro onsewa ndi mafunso amene amafunsa: anthu anachita chiyani, anachitiranji, ndipo zimenezo zikudziwika bwanji? Funso lomalizali ndilo limaiwalika kawirikawiri. Wophunzira akhoza kutchula chaka chimene John Chilembwe anaukira atsamunda, 1915, koma osatha kunena kumene nkhaniyo inachokera, amene anailemba, ndi amene mawu awo sanalembedwe. Wotereyu waloweza bwino, koma Mbiri yeniyeni sanaiyambe.

Ndani amakonza zimene ziphunzitsidwe, ndipo mayeso ake amayenda bwanji?

Silabasi imakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso amakonzedwa ndi MANEB ku Zomba. Pamapeto a Fomu 2 pali mayeso a JCE, amene boma linawathetsa pambuyo pa 2016 n'kuwabwezeretsa mu 2021. Pamapeto a Fomu 4 pali MSCE. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 9: pointi 1 ndi 2 ndiko kukhoza koposa, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo pophatikiza mapointiwo wochepa ndiye wapambana.

Kawerengedwe kameneka kamalowa mpaka m'kalasi. Wophunzira wa Fomu 3 posankha pakati pa Mbiri, Jogalafe ndi BK sayamba wafunsa chimene chimamukoka mtima. Amafunsa kumene pointi yabwino imapezeka msanga. Mphunzitsi nayenso amayesedwa ndi zotsatira za Fomu 4. N'chifukwa chake mapepala a mayeso akale ndi timabuku ta mafunso ndi mayankho ake timayenda m'manja mwa ana kuposa buku lenileni la phunzirolo.

Za m'silabasi yeniyeniyo n'zambiri ndithu. Mbiri ya ku MSCE ili ndi mbali ya m'chigawo chino cha Africa, monga kubwera kwa Angoni ndi Ayao, malonda a akapolo, amishoni, utsamunda ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, komanso mbali ya dziko lonse, monga nkhondo ziwiri zikuluzikulu, pangano la ku Versailles ndi kusintha kwa boma ku Russia mu 1917.

Sukulu za ku Mitundu ndi Nathenje n'zotani, ndipo amaphunzitsamo ndani?

Mitundu ili kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, kutsogolo kwa koleji ya Bunda, ndipo imadziwika ndi msika wake waukulu. Nathenje ili pamsewu wa M1 wopita ku Dedza, munthu asanafike pa Kamphata pamene msewu wa ku Nkhoma umapatukira. Madera onsewa ali pansi pa chigawo cha maphunziro cha Central West, ndipo ali m'boma la Lilongwe kunja kwa mzinda, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni.

Sukulu ya sekondale ya Mitundu ndi ya boma, yosankhirako ana amene akhoza bwino mayeso a Sitandade 8. Ku Nkhoma kuli William Murray, sukulu ya mpingo wa CCAP. Koma ana ambiri a m'maderawa amaphunzira m'sukulu zoyendera za m'midzi, ma CDSS. Sukulu zimenezi zinabadwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene malo ophunzirirapo mwa makalata a MCDE anasandutsidwa sekondale kuti alandire khamu la ana limene maphunziro aulere a ku pulayimale a 1994 anabweretsa. Zinayamba ndi aphunzitsi ambiri ochotsedwa ku pulayimale, opanda laibulale, opanda mabuku okwanira. Masana makalasi omwewo amalandiranso ophunzira a open, olipira okha.

Aphunzitsi a sekondale amaphunzitsidwa ntchito ku Domasi College of Education, ku Nalikule m'boma lomweli la Lilongwe, ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ndi m'mayunivesite a mipingo monga ya Nkhoma. Vuto la maphunziro a za anthu pa CDSS n'lakuti anthu amawaona ngati aliyense wodziwa kuwerenga angawaphunzitse. Mphunzitsi wa Chemistry akasowa, aliyense amaona kuti pasowa munthu. Wa Mbiri akasowa, phunzirolo limangoperekedwa kwa amene ali ndi mapiriyodi ochepa, ndipo iye, posadziwa kumene nkhanizo zimachokera, amachita chokhacho chimene angathe, kulemba manotsi pabolodi kuti ana akopere.

N'chifukwa chiyani maphunziro amenewa amaoneka ngati otsalira poyerekeza ndi sayansi?

Zifukwa zina n'zochokera ku boma. Silabasi imene inayamba kugwira ntchito mu 2015 inaika sayansi patsogolo: Physical Science inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, ndipo nthawi ya m'kalasi inatsata komweko. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi akhala ndi maphunziro owonjezera a patchuthi kudzera mu pulogalamu ya SMASSE, yothandizidwa ndi dziko la Japan. Palibe cholakwika pa zimenezi, pakuti dziko likufuna madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a ulimi. Chodandaulitsa n'chakuti mphunzitsi wa Mbiri kapena Jogalafe nthawi zambiri amakalamba ndi zimene anaphunzira ku koleji, popanda womuonjezera.

Zifukwa zina n'zochokera kumudzi. Kholo la ku Mitundu limene lagulitsa fodya, mtedza kapena soya kuti lilipire fizi limafuna kuona ntchito kumapeto kwake, ndipo kuchokera pakhomo pake likuona Bunda, kumene amalowa ndi Biology, Agriculture ndi masamu. Likafunsa kuti Mbiri idzamudyetsa chiyani mwana, likufunsa funso loona, loyenera kuyankhidwa mwaulemu. Yankho lake n'lakuti maloya, atolankhani, aphunzitsi, abusa, ogwira ntchito zachitukuko ndi za malo, onsewa amadutsa m'maphunziro amenewa. Ndipo ngakhale mwana amene sadzapita ku koleji adzakhala nkhoswe, mlembi wa komiti ya mjigo, woponya voti, kapena nyakwawa. Kumeneko adzafunika kumva mbali ziwiri za nkhani, kufunsa umboni, ndi kulemba lipoti lomveka. Luso limenelo limaphunzitsidwa mu Mbiri, Social Studies ndi m'mabuku a nthano, ngati aphunzitsidwa bwino.

Kodi m'dera lomweli muli chiyani chimene mphunzitsi wa Mbiri angagwiritse ntchito?

Muli zambiri, mwina kuposa madera ambiri a m'Malawi, ndipo apa ndi pamene sukulu za kumwera kwa Lilongwe zimataya chuma chili pakhomo.

Kumadzulo kwa Mitundu kuli mapiri a Dzalanyama, ndipo m'mapiri amenewo muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira, n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Chakomweko kunali Msinja, kachisi wamkulu wa mvula amene ankasungidwa ndi Makewana. Kachisiyu anapasulidwa pa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, koma chipembedzo chake sichinathe. Phiri la Bunda nalo limadziwika ngati malo a nsembe za mvula. Mutu wa ufumu wa Maravi, umene ana amauloweza ngati nkhani ya kutali, umafotokoza za mafuko a Banda ndi Phiri, za mphamvu ya a mvula ndi mphamvu ya Kalonga. Ana ambiri a m'kalasimo ndi a Banda, a Phiri, a Mbewe ndi a Mwale. Phunziro likhoza kuyambira pa mifunda yawo lisanafike pa mapu a m'buku. Pambuyo pake mphunzitsi angawauze za Mankhamba ku Dedza, likulu la Kalonga, kumene Yusuf Juwayeyi anafukula pansi n'kupeza mikanda, mbale zadothi zochokera kunja ndi minyanga, zinthu zimene zimalola kuti nkhani ya pakamwa iyerekezedwe ndi umboni wa m'nthaka. Ku Dedza komweko kuli zojambula za pamiyala za Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Kwa ana a ku Nathenje, Nkhoma ili pafupi. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, nafika ku Nkhoma mu 1896, m'dera la mfumu Mazengera, pa nthawi imene anthu ankakhala paphiri poopa Angoni. Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera ntchito yolimasulira, linamalizidwa ndi kusindikizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mphunzitsi wa mishoni yomweyo, Samuel Josiah Nthara, ndiye analemba Nthondo, Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Buku la Nthondo linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Mwana wowerenga Nthondo pa phunziro la Chichewa akhoza kulifunsanso mafunso a Mbiri: wolembayo anali ndani, ankalembera ndani, ndipo chifukwa chiyani moyo wakumudzi ukuoneka momwe ukuonekeramo m'maso mwa mphunzitsi wa mishoni?

Palinso mbiri ya nthaka ndi ndalama. Fodya wa alimi akumudzi anakula m'chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, ndipo boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira malonda ake. Kuyambira mu 1968 ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, inalambula misewu, kukumba migula ndi kulembetsa minda ya mabanja m'dongosolo limene anthu amalikumbukira ndi dzina lakuti ndunda. Amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, mpaka Kamuzu Banda analetsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo midzi imene inali kutali ndi boma inapezeka kuti ili pakhomo pa mzinda. Njala ya 1949 ndi ya 2002 zidakali m'makumbukiro a mabanja. Zonsezi zili ndi mboni zamoyo kapena ana a mbonizo.

Nanga nkhani za akuluakulu akumudzi zingadaliridwe ngati umboni?

Zingadaliridwe monga umboni wina uliwonse, ndiye kuti zikafunsidwa mafunso. Akatswiri a mbiri ya Malawi monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga anamanga ntchito yawo yambiri pa nkhani za pakamwa, ndipo ophunzira a Mbiri ku Chancellor College ankatumizidwa kumidzi kwawo kukafunsa akuluakulu ndi kulemba zimene apeza. Njira yomweyo ikhoza kuchepetsedwa kuti ikwanire Fomu 3.

Gulu la ana anayi kapena asanu likhoza kupatsidwa funso limodzi lopapatiza, monga lakuti mudzi wawo unachokera kuti, kapena ndunda itabwera minda inagawidwa bwanji. Afunse anthu osachepera awiri, makamaka mayi ndi bambo, mmodzi wa kubanja la ufumu ndi wina wobwera. Nkhanizo zidzasiyana, ndipo phunziro lenileni lili pa kusiyanako. Wa kubanja la ufumu amakumbukira mndandanda wa mafumu mokomera mbumba yake; mkamwini amakumbukira zina; amayi, amene m'mwambo wa Achewa ndiwo mizu ya mudzi, nthawi zambiri amadziwa za minda ndi maukwati zimene abambo amazidumpha. Ana abwere nazo m'kalasi, aone pamene zikugwirizana, pamene zikutsutsana, ndi chifukwa chake.

Pali mwambo woyenera kutsata. Ana asapite kwa amfumu popanda mphunzitsi kapena komiti ya sukulu kukadziwitsa kaye. Nkhani ya ufumu umene uli pamkangano ndi ya malire a minda imene ili kubwalo zisiyidwe, pakuti kope la mwana likhoza kusanduka chida pa mlandu wa akuluakulu.

Jogalafe ingaphunzitsidwe bwanji popanda zipangizo zambiri?

Mbali imene imagwetsa ana ambiri ndi kuwerenga mapu: mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, sikelo, ndi manambala opezera malo pamapu a 1:50,000. Kumvetsa kwake kumavuta pamene mwana waona mizereyo papepala pokha. Koma phiri la Bunda laima lokha pachigwa, looneka kuchokera kutali, ndipo mwana amene waliyang'ana n'kuona mbali yotsetsereka kwambiri ndi yotsika pang'onopang'ono samavutika kumvetsa chifukwa chake mizere ina imathinana, ina n'kutalikirana. Ku Nathenje mapiri a Nkhoma amagwira ntchito yomweyo. Sikelo imaphunzirika poyeza bwalo la mpira ndi chingwe n'kulijambula m'kope.

Msika wa Mitundu ndi phunziro lathunthu la malonda ndi kayendedwe ka katundu. Ana akhoza kuwerenga mitundu ya katundu, kufunsa kumene wachokera ndi kumene akupita, kuyerekeza mtengo wa chimanga pa nthawi yokolola ndi wa mu Januwale, ndi kuona ntchito ya mavenda, a kabaza ndi a ngolo. Pa Nathenje funso lingakhale lakuti chifukwa chiyani malo ochitira malonda amatambalala motsata msewu.

Nkhani ya makala ndi yolemera kuposa zonse. Nkhalango ya Dzalanyama ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda umamwa madzi. Njinga zonyamula matumba a makala ndi nkhuni zimatuluka m'nkhalangomo kulowera ku tauni, ndipo zinafika poti boma linatumizako asilikali kukailondera. M'buku, mutu wa kutha kwa nkhalango umatha ndi mndandanda wa zoyambitsa ndi zotsatira. M'kalasi ya ku Mitundu, ena mwa anawo fizi yawo yachokera pa makala omwewo. Mphunzitsi wanzeru sawanyoza ndiponso sabisa zoona. Amawatsogolera kutsata thumba limodzi kuchokera pa uvuni mpaka pa mbaula ya ku Area 36 kapena ku Kawale: ndani wapeza zingati, ndani akugula ndipo chifukwa chiyani sakuphikira magetsi, ndipo madzi a m'dambo akachepa woyamba kuvutika ndi ndani. Mwana amene watsata ulendo umenewu amayankha funso la mayeso ndi mfundo zimene akuzimvetsa.

Kodi BK, zipembedzo ndi gule wamkulu zimakhalira limodzi bwanji m'kalasi?

Nkhani imeneyi inavutapo dziko lonse. M'chaka cha 2000, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, boma linafuna kuti phunziro la zipembedzo ndi makhalidwe, lophatikiza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, lilowe m'malo mwa BK. Mipingo yachikhristu inakana, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anasungidwa kuti sukulu zizisankha. Sukulu zambiri za m'chigawo chapakati zimaphunzitsa BK.

Kumwera kwa Lilongwe ndi kuchimake kwa gule wamkulu. UNESCO inauzindikira gule ameneyu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo chaka ndi chaka Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Koma pakati pa dambwe ndi sukulu pakhala kukokanakokana kuyambira nthawi ya amishoni, pamene mpingo unkaona gule ngati mdani ndipo eni mzinda ankaona sukulu ngati yolanda ana. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba za mkangano umenewu. M'kalasi imodzi lero mumakhala mwana wa mkulu wa mpingo, mwana wolowa kudambwe, ndi mwana wachisilamu wa pa malo amalonda.

Udindo wa mphunzitsi ndi kuphunzitsa, osati kulalikira kapena kunyoza. Za gule zimene zili poyera, monga ntchito yake pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, mbiri yake, ndi chiphunzitso cha zilombo zimene zimavina pabwalo anthu onse akuona, n'zoyenera kukambidwa. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo mwana wolowa asakakamizidwe kuulula kanthu kuti apeze malikisi. Amene akufuna kuona mmene nkhaniyi ingafotokozedwere mwaulemu angapite ku Mua, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Ulemu umenewu suletsa mafunso ovuta. Pamene miyambo ikuchotsa ana m'kalasi pakati pa teremu, kapena mtsikana akukwatiwa asanakwane zaka 18 zimene malamulo a dziko anakhazikitsa mu 2015 ndi 2017, Social Studies ndi Life Skills ziyenera kunena poyera chimene lamulo likunena, ndi kufunsa mmene mafumu, makolo ndi sukulu angagwirizanirane.

Bwanji za chilankhulo, popeza anawa kwawo amalankhula Chichewa?

Maphunziro onse a ku sekondale, kupatula zilankhulo zina, amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi. Pa masamu mwana wa Chingerezi chochepa akhoza kupulumukira pa manambala. Pa Mbiri ndi Social Studies alibe pothawira, pakuti ayenera kuwerenga ndime yaitali ndi kulemba chimangirizo chofotokoza zifukwa. Ana ambiri amene amaoneka ngati sadziwa Mbiri amaidziwa ndithu. Chimene alibe ndi mawu oinenera. Kuloweza manotsi ndi njira yawo yodzitetezera.

Aphunzitsi ambiri amasakaniza zilankhulo mwakachetechete, ndipo akachita mwadongosolo zimathandiza. Mfundo yovuta, monga ulamuliro wa atsamunda wodzera mwa mafumu, ikambidwe kaye m'magulu m'Chichewa mpaka aliyense aimve, kenaka ilembedwe m'Chingerezi ndi ziganizo zazifupi za mwana mwiniwake. Zimene agogo anena zilembedwe m'Chichewa monga anazinenera, kumasulira kubwere pambuyo. Choipa ndi kumasulira manotsi liwu ndi liwu n'kusiyira pomwepo, chifukwa mwanayo amatuluka wopanda Chingerezi cholembera mayeso ndiponso wosaganizapo kanthu.

Phunziro la Chichewa lili ndi mwayi wake m'dera lino. Chilankhulochi chinapatsidwa udindo wa chilankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies kuyambira mu 1996. Mabuku a John Gwengwe, E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani amakamba za moyo umene ana a ku Nathenje amaudziwa. Ili ndi phunziro lokhalo limene mwana wa pa CDSS angatsutsane ndi mphunzitsi pa tanthauzo la ndime popanda kuopa galamala, ndipo luso lotsutsana ndi umboni likaphunziridwa kumeneko limasamukira ku maphunziro ena.

Kodi mphunzitsi angakambe za ndale m'kalasi?

Sangazipewe, pakuti silabasi ili nazo: lamulo ladzidzidzi la pa 3 Malichi 1959, ufulu wa pa 6 Julaye 1964, kugawanika kwa nduna chaka chomwecho, kalata ya maepiskopi achikatolika ya mu Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi chisankho cha 1994. Kale zinthu zinali zoopsa. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi bungwe loona za mabuku linkaletsa mabuku ambiri, ndipo Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngakhale mu demokalase, mu 2011, Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka pophunzitsa, ndipo kolejiyo inakhala miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa maphunziro.

M'midzi ya Lilongwe dzina la Kamuzu limatchulidwa ndi ulemu waukulu, ndipo m'mabanja ena muli amene anali a Young Pioneer, m'mabanja ena muli amene anavutika chifukwa cha khadi la chipani kapena chikhulupiriro chawo. Mphunzitsi asasankhire ana chipani. Aike patebulo zonse ziwiri, misewu, sukulu ndi likulu latsopano mbali ina, ndende ndi mantha mbali ina, ndipo afunse mwana aliyense kuti chimene wanenacho umboni wake uli pati.

Nanga ku koleji zinthu zimasiyana motani?

Ku koleji wophunzira amayembekezeka kuwerenga yekha, kuyerekeza olemba osiyana maganizo, ndi kulemba kafukufuku wake. Wochokera kusukulu kumene ankangokopera manotsi amadzidzimuka chaka choyamba, ndipo ena amagwa m'chizolowezi chokopera za pa intaneti. Amene akufuna digiri ya Mbiri, filosofi, zilankhulo kapena zaumulungu amapita ku University of Malawi, imene kuyambira mu 2021 inatsala ndi sukulu ya ku Zomba yokha, makoleji ena ataima paokha, kapena ku Mzuzu University, kapena ku mayunivesite a mipingo.

Bunda, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo tsopano ndi likulu la LUANAR motsatira lamulo la 2011, ndi sukulu ya ulimi. Komabe ngakhale kumeneko amaphunzitsa za ulangizi, za chitukuko ndi za chuma cha kumudzi, chifukwa mbewu yabwino payokha sisintha munda. Mlangizi amene sadziwa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, kapena mphamvu ya mwinimbumba pa munda wa mlongo wake, akhoza kuphunzitsa bambo kubzala mitengo pamalo amene bamboyo alibe nawo mawu. Lamulo la malo a makolo la 2016 lawonjezera kufunika kwa anthu odziwa mbiri ya minda ndi mwambo wake pamodzi.

Mphunzitsi wa kalasi yodzaza, ya mabuku ochepa, angayambire pati?

Angayambire pa kuchepetsa nthawi yokopera. Manotsi aafupi, a mitu ndi zaka zofunika, amasiya mphindi zokwanira funso limodzi lokambirana. Mabuku ochepa amene alipo agawidwe m'magulu, gulu lililonse liwerenge ndime yake n'kufotokozera anzawo. Kamodzi pa sabata mwana aliyense alembe ndime imodzi yokha yokhala ndi mfundo, umboni wake ndi chifukwa chake; ana asinthane makope ndi kuchongerana motsata zimene mphunzitsi walemba pabolodi, iye n'kutenga ochepa kukawaona bwino, mosinthasintha mpaka onse afikiridwe.

Sukulu za sekondale zinaikidwa m'magulu otchedwa makilasita, ndipo kumeneko aphunzitsi a Mbiri ndi Jogalafe a sukulu zoyandikana akhoza kubwerekana mapu, kukonzera limodzi mayeso oyeserera ndi kusinthana zimene ana awo anatola m'midzi. Zolemba zabwino za ana zisungidwe mu ofesi ya mkulu wa chigawo, zolembedwa dzina la mudzi, chaka, ndi msinkhu wa wofunsidwayo, kuti Fomu 3 ya chaka chamawa iyambire pamene inzake inalekezera ndi kufunsa midzi ina imene sinafikiridwe.